Chitoliro cha siliva: chimadulira chiyani, ndipo wogula ayang'ane pati?

Chitoliro si chida chachilendo kwathu kuno ku Chezi. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nsungwi sizisowa, bango naye ali m'madambo, ndipo kuyambira kale anyamata a kubusa amadula kansungwi, kuboola mabowo ndi chitsulo chamoto, n'kumaliza ziweto zili kudya. Chachilendo ndi chitoliro china chija chonyezimira, cha makiyi ambirimbiri, chimene timachiona pa kanema, pa foni kapena m'manja mwa oyimba a bandi. Woyimba amachigwira chopingasa, chitaloza kudzanja lamanja, ndipo amapemerera mpweya pa bowo limene lili pafupi ndi nsonga yake.

Zitoliro zoterezi zili m'magulu awiri akuluakulu. Pali za ophunzira, zopangidwa zambirimbiri m'fakitale, zimene mtengo wake umayambira pa madola mazana angapo. Palinso za akatswiri, zopangidwa pamanja ndi siliva weniweni, zimene zambiri mtengo wake umapitirira madola 10,000. Mutaziika pamodzi pa tebulo, munthu wamba sangaloze chodula. Komabe nkhaniyi ikutikhudza. Mipingo ndi sukulu zimalandira zida zoyimbira kuchokera kwa abwenzi akunja. Achinyamata ena akuphunzira nyimbo ku Music Crossroads ku Lilongwe kapena ku University of Malawi ku Zomba. Wina ali ndi mlongo wake ku Johannesburg amene akufunsa kuti amugulire mwana chitoliro chotani. Onsewa akufunika kudziwa chimene chimadulitsa chidachi, ndi chimene chili chofunikadi.

Mmene liwu limabadwira

Tiyambire pa botolo la chakumwa lopanda kanthu. Mukaika mlomo m'mphepete mwa kukamwa kwa botololo n'kupemerera mpweya modutsa pamwamba, limalira. Mpweya wanu ukagunda m'mphepete mwa tsidya linalo umagawika, wina kulowa, wina kutuluka, ndipo mpweya wa m'botolomo umayamba kunjenjemera. Mukathiramo madzi, malo a mpweya amachepa ndipo liwu limakwera. Mukawakhuthula, liwu limatsika.

Chitoliro chimalira mwa njira yofanana ndi imeneyi. Bowo limene woyimba amapemererapo lili ngati kukamwa kwa botolo. M'malo mothira madzi, woyimba amatsegula ndi kutseka mabowo a m'mbali mwa paipi. Mabowo onse akatsekedwa, mpweya wa m'paipi monse umanjenjemera ndipo pamatuluka liwu lotsika kwambiri. Akatsegula bowo lakumunsi, mbali yonjenjemera imafupika ndipo liwu limakwera pang'ono. Akapana milomo kuti mpweya utuluke mothamanga, zala zili pomwepo, liwu limalumphira pa noti yomweyo ya pamwamba. Motero chitoliro cha masentimita pafupifupi 67 chimatha kuyenda makwerero atatu athunthu a do re mi.

Mfundo yoti tiisunge ndi iyi: chimene chimayimba ndi mpweya. Paipi ntchito yake ndi kuusunga mpweyawo ndi kuupatsa muyeso. Izi zili chomwecho kaya paipiyo ndi ya nsungwi, ya mkuwa kapena ya siliva.

Chimene Boehm anasintha

Wopanga chitoliro cha nsungwi amaboola mabowo pamene zala zingafike, ndipo amawachepetsa kuti nsonga ya chala iwatseke. Zitoliro zamatabwa za ku Ulaya zinalinso choncho kwa zaka zambiri. Vuto lake linali lakuti pamene chala chimafika si pamene noti imafuna kuti bowo likhale. Manoti ena ankatuluka ofooka, ena opotoka, ndipo woyimba ankachita kuwawongola ndi milomo.

Amene anathetsa vutoli ndi Theobald Boehm wa ku Munich m'dziko la Germany, amene anabadwa mu 1794 ndi kumwalira mu 1881. Iye anali woliza chitoliro waluso komanso mmisiri wosula golide ndi siliva, ntchito imene anaiphunzira kwa bambo ake. Anaganiza zoyamba waboola mabowo aakulu pamalo pamene muyeso wa liwu ukufuna, kenako n'kupeza njira yoti zala ziwatseke zili patali. Njirayo ndi makiyi: tizivindikiro tokhala pa timitanda tachitsulo, tolumikizana mwakuti chala chimodzi chikhoza kutseka mabowo awiri nthawi imodzi. Chitoliro chake choyamba cha makiyi atsopanowa chinatuluka mu 1832. Mu 1847 anatulutsa cha paipi yachitsulo yofanana kukula kwake m'thupi monse, mamilimita 19 m'kati, chokhala ndi mutu wopita nuchepa chakumwamba. Chitoliro chimene chikulira m'mabandi lero ndi chomwechi, chosinthidwa apa ndi apo.

Amisiri a ku Paris, makamaka Louis Lot, anautenga mpangidwe umenewu n'kuukometsa. Pambuyo pake lusoli linakhazikika ku Boston m'dziko la America, kumene kampani ya William S. Haynes inayamba mu 1888 ndipo ya Verne Q. Powell inayamba mu 1927. Ku Japan, Koichi Muramatsu anayamba kupanga zitoliro mu 1923. Mayina amenewa, pamodzi ndi Brannen, Sankyo, Miyazawa, Altus ndi Yamaha, ndi amene mungawapeze olembedwa pa zitoliro za akatswiri ambiri.

Siliva wake ndi wotani

Chitoliro chimabwera m'bokosi chili zigawo zitatu: mutu, thupi ndi phazi. Cha ophunzira chimapangidwa ndi chitsulo chotchedwa nickel silver. Dzinali limasokoneza anthu, chifukwa m'chitsulochi mulibe siliva ngakhale pang'ono. Ndi msakanizo wa mkuwa, nickel ndi zinc, umene amaukuta ndi siliva wopyapyala kuti unyezimire. Pamwamba pa chimenechi pali cha mutu wa siliva koma thupi lokutidwa. Kenako pali cha mutu, thupi ndi phazi za siliva koma makiyi okutidwa. Cha akatswiri chenicheni chimakhala cha siliva paliponse, mpaka makiyi ake.

Siliva payekha ndi wofewa kwambiri, choncho amamusakaniza ndi mkuwa pang'ono. Mukaona nambala 925 itadindidwa pa chitoliro, ndiye kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva. Ameneyu ndiye sterling. Palinso 958, wotchedwa Britannia, ndi 900 wa zitoliro zina zakale. Wogula amasankhanso kuchindikala kwa paipi. Miyeso yodziwika ndi itatu, pafupifupi mamilimita 0.36, 0.41 ndi 0.46. Oyimba ambiri amati paipi yopyapyala imayankha msanga, pamene yochindikala imafuna mpweya wamphamvu ndipo imalemerako m'manja.

Kodi siliva amakometsa liwu? Apa oyimba ndi asayansi sagwirizana kwenikweni. Mu 1971 wasayansi wa ku America, John Coltman, anapanga zitoliro zofanana miyeso za siliva, mkuwa ndi mtengo. Omvera, ngakhalenso oyimba osaona chimene agwira, analephera kuzisiyanitsa modalirika. Mu 2001 gulu la Gregor Widholm ku Vienna linayesa zitoliro za kampani imodzi, kuyambira chokutidwa ndi siliva mpaka cha golide ndi cha platinum. Anapeza kuti kusiyana kwa woyimba wina ndi mnzake kunali kwakukulu kuposa kusiyana kwa zitsulozo. Oyimba ambiri amaumirirabe kuti iwo amamva kusiyana pa milomo ndi m'zala, ndipo mmene chida chimamvekera kwa mwini wake si nkhani yoinyoza, pakuti munthu amayimba bwino ndi chida chimene akuchikhulupirira.

Ubwino wa siliva umene palibe amautsutsa uli pa ntchito. Amasulika bwino, amawotchereka bwino, ndipo akapindika mmisiri amamuwongola. Sasupuka ngati chokutira, chimene chimatha pamene zala zimagwira. N'chifukwa chake zitoliro za Louis Lot za m'zaka za m'ma 1800 zina zikulirabe mpaka lero. Komanso kampani imaika amisiri ake odziwa kwambiri pa chitsulo chodula, motero siliva ndi ntchito yabwino zimayendera limodzi, ndipo anthu amatamanda siliva pa zimene wachita ndi mmisiri.

Ntchito ya manja ili pati

Tikati chopangidwa pamanja sitikutanthauza kuti makina sanakhudzepo. Paipi ndi tizigawo tambiri zimadulidwa ndi makina. Manja amalowa pa kulumikiza, kuyeza ndi kumalizitsa, ndipo apa ndi pamene pamathera masabata.

Poyamba pali mabowo a manoti. Bowo lililonse lili ndi kakhoma kozungulira kamene chivindikiro chimakhalapo. Njira yachangu ndi yokoka kakhomako kuchokera m'paipi momwemo ndi makina, n'kupinda m'mphepete mwake. Njira ya nthawi yaitali ndi yopanga kakhoma kalikonse padera n'kukawotcherera pa paipi kamodzikamodzi. Mabowo owotcherera amakhala ochindikala ndi osalala bwino pamwamba, ndipo amakweza mtengo ndi madola masauzande. Okoka nawonso amapezeka pa zitoliro za akatswiri, ndipo ena amawakonda chifukwa chitoliro chimapepuka.

Chachiwiri ndi mapadi, tizinthu tofewa tokhala kunsi kwa chivindikiro chilichonse. Padi imapangidwa ndi nsalu yaubweya yotsendereza, yokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Iyenera kutseka bowo mozungulira monse ndi kukhudza kochepa chabe kwa chala. Pakatsala kampata ngakhale kochepa ngati tsitsi, mpweya umathawa, manoti otsika amakana, ndipo woyimba amayamba kufinya makiyi mpaka zala kuuma. Mmisiri amaika timapepala topyapyala kuposa tsitsi kunsi kwa padi, kuyesa, kuchotsa, kuikanso, mpaka itakhala bwino. Zitoliro zambiri zodula zili ndi mapadi olimba a mtundu wa Straubinger, amene sasintha msanga ndi nyengo koma amafuna mmisiri wophunzitsidwa kuti awaike.

Chachitatu ndi makiyi eniake. Pa chitoliro cha ophunzira pamakhala tizomangira tosinthira msinkhu wa makiyi. Pa zambiri zopangidwa pamanja mmisiri amayeza kiyi iliyonse kuti ikhale ndendende pa mtanda wake, yosagwedera ndi yosalimba. Masipuling'i ake nthawi zambiri ndi a golide woyera, amene sachita dzimbiri ndipo amabweza kiyi mofewa. Timikono togwira zivindikiro timafika pakati penipeni pa chivindikiro, kuti mphamvu ya chala igawike mofanana pa padi yonse.

Chachinayi, chimene chimaposa zonse pa liwu, ndi bowo la pa mutu. Kuya kwake, kupendekeka kwa makoma ake ndi kuthwa kwa m'mphepete mmene mpweya umagunda, zonsezi mmisiri amazisema ndi kampeni ndi tupa. Akachotsa kachitsulo kochepa kwambiri, liwu limasintha. Mitu iwiri ya kampani imodzi siyimba chimodzimodzi, ndipo akatswiri amayesa mitu yambiri asanasankhe umodzi. Ena amagula mutu kwa mmisiri wina, thupi kwa wina. Ena amasankha kuti kakhoma ka bowolo kakhale ka golide kapena platinum.

Pomaliza pali malo a mabowo m'litali mwa paipi. Albert Cooper, mmisiri wa ku London amene anamwalira mu 2011, anawerengeranso malo amenewa kuti manoti azigwirizana ndi msinkhu wa liwu wa masiku ano, ndipo makampani ambiri anatengera miyeso yake.

Zimene wogula amasankha

Wogula chitoliro cha akatswiri amafunsidwa mafunso angapo. Mayina a zosankhazi alibe Chichewa chokhazikika, choncho tiwatchula monga amalembedwera m'masitolo.

Funso loyamba ndi la zivindikiro zoboola kapena zotseka. Pa chitoliro cha open hole, zivindikiro zisanu zili ndi bowo pakati, limene chala chiyenera kulitseka. Zimenezi zimaphunzitsa zala kukhala pamalo pake, komanso zimalola woyimba kutsetsereka pakati pa manoti awiri potsegula bowo pang'onopang'ono. Kwa wa zala zazing'ono ndi zovuta, koma pali tizitsekero tapulasitiki toikamo mpaka atazolowera. Cha zivindikiro zotseka si chotsika ayi, ndipo akatswiri ena amayimba chimenechi moyo wawo wonse.

Lachiwiri ndi la makiyi a noti ya G. Pa inline G makiyi onse ali pa mzere umodzi. Pa offset G makiyi awiriwa amasunthidwira pambali pang'ono, kuti chala chovala mphete cha dzanja lamanzere chifike mosadzikoka. Liwu silisintha. Chimene chimasintha ndi kutopa kwa dzanja, ndipo oyimba ambiri masiku ano akusankha offset G pa chifukwa chimenechi.

Lachitatu ndi la phazi. Phazi la C limathera pa noti ya C yapakati. Phazi la B ndi lalitaliko, lili ndi kiyi imodzi yowonjezera, ndipo limatsika noti imodzi yaing'ono kupitirira apo. Notiyo imapezeka mwa apo ndi apo m'nyimbo za magulu akuluakulu, ndipo phazilo limalemeretsa chitoliro kumapeto. Woyimba nyimbo za m'tchalitchi akhoza kutha chaka osaifuna.

Lachinayi ndi split E. Noti ya E yapamwamba kwambiri ndi yovuta pa chitoliro cha Boehm, chifukwa mabowo awiri a G amatseguka pamodzi pamene pamafunika limodzi. Kachitsulo ka split E kamatseka bowo linalo, ndipo notiyo imatuluka mosasweka. Palinso kiyi yotchedwa C sharp trill, imene imathandiza posinthasintha manoti awiri oyandikana mofulumira, monga B ndi C sharp.

Lachisanu ndi msinkhu wa liwu. Noti ya A imene zida zonse zimayezerapo imanjenjemera maulendo 440 pa sekondi, ndipo makiyibodi a m'matchalitchi mwathu amabwera atayezedwa pamenepo. Zitoliro zambiri zatsopano zimapangidwira 442. Kusiyanaku n'kochepa, ndipo woyimba amangosolola mutu pang'ono kuti agwirizane ndi kiyibodi. Nyengo nayo imalowererapo. M'mawa wozizira wa mu June kuno ku mapiri chitoliro chimayamba chotsika mpaka chitafunda, pamene mu October chimakwera.

Palibe chosankha chilichonse mwa izi chimene chimasandutsa munthu katswiri. Zonse ndi zothandiza kuti chida chigwirizane ndi dzanja la mwini wake ndi nyimbo zimene amayimba.

Chikafika kwathu kuno

Chitoliro cha makiyi chili ndi adani awiri kuno: fumbi la chilimwe ndi chinyezi cha dzinja. Fumbi limalowa m'mitanda n'kudya chitsulo pang'onopang'ono. Chinyezi chimatupitsa mapadi ndi kuwamatitsa. Woyimba akamaliza, apukute m'kati ndi kansalu kofewa kokulunga pa kamtengo kake, apukute thukuta kunja, achimasule n'kuchibwezera m'bokosi. Asadye zotsekemera kapena kumwa tiyi wa shuga atatsala pang'ono kuyimba, chifukwa shuga amakakamira pa mapadi.

Siliva amada pakapita nthawi, ndipo kudako sikuwononga liwu. Choopsa ndi kumutsuka ndi phulusa, mchenga, sitiliwulu kapena mankhwala opukutira zitsulo. Zimenezi zimakanda paipi, zimang'amba mapadi ndi kulowa m'makiyi. Kuviika chitoliro m'madzi kumawononga mapadi onse tsiku limodzi.

Chitoliro choyimbidwa tsiku ndi tsiku chimafunika kupita kwa mmisiri pafupifupi chaka chilichonse kuti akachimasule, kuchitsuka, kuthira mafuta ndi kuyezanso mapadi. Amisiri a ntchito imeneyi ndi osowa kuno kwathu, ndipo chida chodula chikavuta mwini wake amaganiza zochitumiza kunja, monga ku South Africa. Pa mtengo wogulira muwonjezerepo ulendo umenewu, msonkho wolowetsera katundu ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Wogula chakale afunse nambala yodindidwa pa thupi lake, pakuti makampani odziwika amasunga kaundula wa nambalazi. Achiyesetse kwa woyimba wodziwa, makamaka pa manoti otsika, chifukwa ndi amene amaulula mapadi otha. Asamale ndi zitoliro zotchipa modabwitsa zolembedwa mayina a makampani otchuka, pakuti zachinyengo zilipo zambiri.

Maganizo athu

Dziko lathu lili kale ndi mbiri pa chitoliro. Nyimbo za kwela zinabadwira m'makomboni a ku Johannesburg ndi kutchuka m'zaka za m'ma 1950, zikulizidwa pa kachitoliro kachitsulo kotchipa ka mabowo asanu ndi limodzi, ndi anthu ngati Spokes Mashiyane. Zinafika ku Malawi kudzera m'malekodi ndi mwa anthu obwerera kuchokera ku migodi. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald anazitenga n'kuzipatsa kakomedwe kawo. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 ndipo analongosola mmene oliza kwela amalowetsera chitoliro m'kamwa mopendeketsa kuti apinde manoti ndi kukulitsa liwu. Donald anayenda ndi kachitoliro kameneka m'mayiko ambiri, anakaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, ndipo anamwalira mu 2001. Chida chake chinalibe kiyi ngakhale imodzi. Chimene anthu ankadzaza nacho maholo chinali khutu lake, mpweya wake ndi zaka zimene anakhala akuyeserera.

Sitikunena izi ponyoza chitoliro cha siliva. Kwa munthu amene amayimba maola ambiri tsiku lililonse, amene milomo yake yafika pozindikira kusiyana kwa mutu wina ndi unzake, chidachi ndi choyenera mtengo wake, ndipo chikasamalidwa chimatumikira mibadwo iwiri kapena itatu. Mwana wa ku Dowa kapena Ntchisi akadzafika pamenepo, tidzamuthandize kuchipeza mosanyinyirika. Wouter Kellerman wa ku South Africa, dziko lapafupi nafe, anapata mphoto ya Grammy mu 2015 ndi chitoliro cha makiyi, ndipo palibe chifukwa choti Mmalawi asadzafikepo.

Koma mpingo, sukulu kapena kholo limene likuyamba lisathamangire siliva. Ndalama za chitoliro chimodzi cha akatswiri zingagule zitoliro zabwino za ophunzira zoposa khumi. Chofunika ndi cha kampani yodziwika, cha zivindikiro zotseka, offset G ndi phazi la C, chimene mapadi ake akutseka bwino. Ndalama zotsalazo zipite kwa mphunzitsi, chifukwa chida chopanda wochiphunzitsa chimathera m'kabati ya ku ofesi. Wophunzira akakula m'luso, sitepe yotsatira ndi kugula mutu wa siliva wosemedwa bwino n'kuuika pa thupi lomwelo, pakuti phindu lalikulu la liwu lili pamenepo.

Pempho lathu lalikulu likupita kwa amene amatumiza zida ndi amene amazilandira. Pa zida zilizonse zimene zikubwera, pakhalenso dongosolo lophunzitsa wozikonza. M'misika ya m'mbali mwa msewu wa Lilongwe ndi Salima muli achinyamata okonza mafoni, mawotchi ndi mawailesi, a maso akuthwa ndi manja odekha. Luso loika padi, kuwongola kiyi ndi kusintha sipuling'i silili kutali ndi zimene akuchita kale. Mmodzi wa iwo ataphunzitsidwa bwino ndi kupatsidwa zipangizo, angadzutse zitoliro, maklarineti ndi masakisofoni amene agona m'mabokosi m'sukulu ndi m'matchalitchi a chigawo chapakati, ndipo iyenso angapeze ntchito yomudyetsa. Komiti ya kwaya kapena ya sukulu imene ikulemba kalata yopempha zida chaka chino iyambe yalembamo dzina la ntchito imeneyi ndi ndalama zake.